Tulo ta Askale ndi Khofi wa kwa Bizunesh

Msana wa Askale unayamba kuwawa iye akadali mtsikana, ndipo pofika msinkhu wa uchembere anali atasiya kuutchula. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji ankangoti, "Mulungu ayamikike," n'kumanga chingwe chake m'chiuno, ulendo wa kuphiri. Chimene ankachitchula, mwina poti chinali chatsopanoko, ndi tulo. Tulo tinamuchokera pang'onopang'ono, ngati mlendo amene sanakonde chakudya koma akuchita manyazi kutsanzika.

Ku Addis Ababa anafikako mothawa. Kwawo ku Gojamu anamupezera mwamuna iye asanadziwe n'kukoleza moto komwe, ndiye tsiku lina anangokwera galimoto ya katundu osacheuka. Azakhali ake amene ankawadalira m'dera la Shiro Meda anawapeza atamwalira kalekale. Mayi wina wachifundo anamubwereka chingwe n'kumuuza kuti mawa alawire, atsate anzake. Ntchito inapezeka choncho: kukwera phiri la Entoto kusanache, kuzemba alonda a nkhalango, kutola nthambi ndi masamba a bulugamu, kumanga mtolo wotalika kuposa mwini wake, kuubereka chopingasa, n'kutsika nawo mutu uli pansi mpaka kwa amayi ophika injera, buledi wa kumeneko, amene amagula nkhuni. Pakati apo anakwatiwa ndi Gashaw, mlonda wa pasitolo, munthu wosadziwa kukweza mawu. Gashaw anapita ndi chifuwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo anawoloka nyanja kukagwira ntchito m'nyumba za Aluya, ndipo ankaimba foni pa Pasaka ndi pa chaka chatsopano.

Amene sanadwalepo msana amayesa kuti munthu akagona ndiye wapuma. Bodza limenelo. Kwa Askale bedi linali ntchito yachiwiri. Akagona chagada chiuno chinkayaka, akagona chammbali ululu unkatsika ndi mwendo mpaka kuchala chachikulu, akati agone chafufumimba mpweya unkamuthera. Ankatembenuka mpaka bulangete kumuzenga, namva agalu onse a m'deralo, namvanso ansembe akuyamba kuimba kutchalitchi cha kumtunda, ndipo tulo tikati tibwere ndiye kuti nthawi yodzuka yakwana. Choipa n'chakuti kukacha msana unkalusa kuposa dzulo lake. Mtolo womwewo, njira yomweyo, koma chingwe chinkacheka mapewa mpaka misozi. Usiku wake ndiye osagonanso. Iye sankaona kuti ziwirizi zikudyetsana, ankangoti ndi ukalamba. Ndipo mankhwala ake anali amodzi: khofi wa kwa Bizunesh.

Bizunesh ankakhala khomo loyang'anana ndi lake, mumpanda womwewo wa malata momwe mabanja angapo ankagawana mpopi ndi chimbudzi. Anali woumba mbiya, mwana wa oumba mbiya, ndipo ankagulitsa majebena owiritsira khofi ndi mbale zadothi pamsika mpaka dzuwa kupendeka. Tsono mukudziwa zimene anthu amanena za oumba. Amati ali ndi diso, akakuyang'ana ukudya ndiye kuti akudya iweyo, umangofota, tulo osatiwona, mpaka kumanda. Zopusa zenizeni, koma anthu omwewo amene ankaphikira m'mbiya zake ankavundikira mbale Bizunesh akamadutsa. Atangosamukira mumpandamo amayi ankakokera ana kumbuyo kwa masiketi. Tsiku loyamba anawiritsa khofi, nakagogoda khomo ndi khomo monga mwa mwambo, "Bwerani mudzamwe khofi," koma aliyense anali ndi chifukwa chake. Askale yekha, atangotula mtolo, wotopa mpaka kusowa mphamvu zoopera, analowa, nakhala pansi, namwa makapu onse atatu a mwambo wa khofi. Sanafe. Patapita nthawi Tiruwork, mkazi wa telala, anabwera kudzaona kuti bwanji mnzawo sakufa, nayenso analawa. Kenako Ayelech wogulitsa anyezi. Kuyambira pamenepo, zaka zonsezi, Bizunesh sanaphonyepo madzulo ngakhale amodzi. Ena ankabweretsa shuga, ena nyemba za khofi, ena chimanga cha mbuliwuli, koma moto, jebena ndi dzanja zinali zake.

Zinkayenda chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Udzu wauwisi woyala pansi, lubani pa makala, nyemba zikuthetheka m'chiwaya, Bizunesh n'kuzungulira nacho kuti aliyense akokere utsi kumphuno ndi dzanja. Askale anali ndi malo ake pakona, pomwe ankatha kutsamira khoma.

"Askuye, lero ndiye wabwera utapindika ngati chikwakwa," anatero Bizunesh madzulo ena pomuitana Askale mwachikondi, akusinja nyemba.

"Ndikufunafuna mwamuna pansipa. Pamwamba anatha."

"Ukamupeza undigaireko mwendo umodzi," anatero Ayelech.

"Iwe uli naye wako."

"Amene uja? Ndi msomali wopachikapo jekete basi."

Tiruwork sankaseka msanga. Iye ntchito yake inali kuyang'ana. "Maso akowo, Askale, afiira ngati a chidakwa. Sunagonenso?"

"Ndinagona chaka chatha. Zinandikwana."

"Musiyeni mnzanga," anatero Bizunesh, akuthira kuchokera pamwamba, kamtsinje kakuda kosaduka mpaka kapu kudzaza. "Wakoyu ndakuikira katsamba konunkhira ndi kamchere. Imwa, msana uwongoke."

Ndipo unkawongokadi, kwa kanthawi. Kapu yoyamba ikatsika maso ankatseguka, ululu unkabwerera m'mbuyo pang'ono, lilime linkamasuka. Yachiwiri inkabweretsa nkhani za mitengo ya zinthu ndi za amuna. Yachitatu, ya madalitso, palibe amene amanyamuka asanamwe. Askale ankatuluka m'menemo akumva ngati munthu, n'kukagona, n'kuyamba kutembenuka.

Chimene chinamutengera kuchipatala si msana ayi. Tsiku lina akutsika phiri, dzuwa lili pamutu, anagona akuyenda. Anangomva hutala ya minibasi ndi mphepo yake patsaya, n'kupezeka ali m'ngalande, mtolo utamupanikiza. Anzake a nkhuni anadula chingwe n'kumudzutsa. Bondo linasupuka, kwina konse kunali bwino, koma mtima unamuuza kuti ulendo wina minibasi sidzaphonya.

Namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo anali mayi wa magalasi, wolankhula mofulumira chifukwa mzere unafika mpaka panja. Anatsuka bondo, nakanikiza msana apa ndi apo, Askale n'kumangoluma mano.

"Emama, tulo mumatiwona?"

"Timeneto tinasamuka, mwanawe. Sitinasiye n'keyala yomwe."

Namwinoyo sanaseke. "Msana wanuwu unatha ndi mitolo, pamenepo sindingakunamizeni kuti ndiuchiza. Koma ululu ndi kusagona zimakokana. Ululu umakulandani tulo, ndipo thupi losagona limamva ululu kuposa muyezo. Pamene dzulo panangonyerenyetsa, lero pabaya. Mutagonako bwino, msana womwewu mukhoza kuupirira. Khofi mumamwa?"

"Ndine munthu."

"Nthawi yanji?"

"Madzulo, tikaweruka."

"Makapu onse atatu?"

"Pali amene amanyamuka asanamwe ya madalitso?"

Namwino anavula magalasi, natikita maso. Nayenso ankaoneka kuti tulo samatidziwa bwino. "Imwani m'mawa mmene mungafunire, Emama. Madzulo ayi. Ena amamwa n'kugona tulo tofa nato, koma inu si ena. Yesani kaye muone." Anamupatsa mapiritsi a masiku ovuta, namuuza kuti aziika nsalu yopinda pakati pa mawondo pogona, n'kuitana wotsatira.

M'mawa. Kunena n'kosavuta. M'mawa Askale amakhala ali pakati pa phiri mdima usanachoke, masana Bizunesh amakhala pamsika. Khofi wa mumpanda mwawo ankamwedwa madzulo chifukwa ndi nthawi yokhayo imene amayi onse amakhala atatula katundu. Njira yonse yobwerera Askale ankayesa mawu m'kamwa. Khofi wako amandilanda tulo. Khofi wako amandiwonjezera ululu. Mawu aliwonse ankawalavula asanathe. Kwa munthu wina aliyense imeneyo ndi nkhani ya khofi basi. Kwa mwana wa oumba mbiya, amene moyo wake wonse wamva kuti dzanja lake limadwalitsa, mawu amenewo ndi omwe aja a adani ake, angosintha pakamwa.

Komabe madzulo ake anayesa. "Bizuye, a nesi akuti..."

"Akuti chiyani?" Bizunesh anaima jebena ili m'mwamba. Tiruwork nayenso anasiya kutafuna.

"Akuti ndiziika nsalu pakati pa mawondo ndikamagona."

"Pa msinkhu wakowo akuopa kuti mulowa ndani?" anafunsa Ayelech, ndipo nyumba yonse inagwa ndi phwete. Kapu inafika m'manja mwa Askale, yodzaza, yonunkhira. Anaifikitsa pamlomo, napemerera, nadikira kuti Bizunesh awerame kukupiza mbaula. Kenako anaitsitsa kunsi kwa nsalu yake yofunda n'kukhuthula khofiyo kuseri kwa kampando, mu udzu. Dothi linamwa osalankhula. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri, ndi yachitatu, nadalitsa mwini nyumba monga mwa masiku onse. Ankadzimva ngati waba, chifukwa anabadi.

Masiku oyamba sanapindule kanthu koma mutu waching'alang'ala ndi ukali. Anatukwana bulu panjira, anatukwana mlonda wa nkhalango pamaso pake, zimene sanachitepo. Anali pafupi kusiya. Ndiye m'mawa wina anadzidzimuka ndi kugogoda, anzake a nkhuni akuitana dzina lake panja. Anakhala tsonga osamvetsa. Sanamve agalu, sanamve ansembe, bulangete linali mmene analifundira. Anagona, iyeyo Askale, kugona kwa anthu. Anakhala pamphepete pa bedi misozi ikutsika yokha, mpaka a panja anafunsa ngati wafa.

Si kuti usiku uliwonse unali wotero. Ena ankabwera oipa ngati kale. Koma abwino anayamba kuchuluka, ndipo tsiku lotsatira usiku wabwino msana unkawawa mwaulemu, ululu wodziwa malo ake. Mwendo unasiya kuyaka. Potsika phiri ankaona msewu, ankamva galimoto ikadali kutali. Anayambanso kudya mpaka kupukuta mbale. Tsiku lina anadzipeza akung'ung'udza nyimbo ya kwawo imene ankayesa kuti anaiwala. Ndipo madzulo aliwonse ankalowa kwa Bizunesh, nakhala pakona pake, nakokera utsi kumphuno, naseka nthabwala, nathirira dothi.

Munthu wokhuta tulo saona zambiri. Askale sanaone tsiku limene maso a Tiruwork anatsika ndi kapu ija mpaka kunsi kwa nsalu. Anangomva Tiruwork akudandaula za m'mimba n'kusiya kapu yake yosamwa. Mawa lake Tiruwork sanabwere, akuti amuna ake ali ndi zosoka zambiri, akuwathandiza kupinda. Kenako Ayelech anayamba kubwera mochedwa n'kunyamuka msanga, kenako mwana wake anatentha thupi, kenako anangosiya osapereka n'chifukwa chomwe. Anatsala awiri. Bizunesh ankayalabe udzu, ankaikabe tikapu tonse pathebulo lake laling'ono, koma nthabwala zinachepa. Askale anaganiza kuti mwina msika sukuyenda.

Anamva zoona zake kwa mayi wina wophika injera, mtolo ukadali kumsana.

"Tulani apo, Etiye Askale. Koma ndiye mwasintha. Nkhope yabwerera, maso ayera. Mwachita bwino."

"Ndachita bwino chiyani?"

"Kusiya kumwa kwa woumba uja. Tonse tamva, musachite manyazi. Akuti mumakhuthulira pansi mwanzeru kuti asakudziweni. Zaka zonsezi akukudyani, inu mukuti msana. Taonani mmene mwachirira atangokuphonyani. Ine jebena yake ndaswa kale. Ndipo pamaliro a bambo aja a kumunsi sitinamulole kugwira mpeni wa anyezi, tinamutuma kokatsuka mipando."

Askale anawerama. Anamasula chingwe, nkhuni zinagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anachoka osakangana za mtengo. Nkhope yake yomwe, tulo take tomwe, ndizo zinasanduka umboni. Akanati afote, anthu akanati woumba akumudya. Wachira, akuti woumba wamuphonya. Anthu akafuna kukhulupirira choipa, njira zonse zimakafika komweko.

Linali Loweruka, ndipo madzulo ake sanapite. Anakhala m'nyumba chitseko chotseka, akumva fungo la nyemba zokazinga likulowa m'ming'alu. Palibe amene anagogoda.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anawoloka bwalo, nagogoda yekha. Bizunesh anali pansi, akupukuta majebena amene anabwerera kumsika osagulidwa. Udzu anali atausesa. Pakona paja, kuseri kwa kampando, dothi linali lakuda, chibanga chachikulu ngati chiwaya.

"Khala," anatero Bizunesh osadzutsa mutu. "Malo ako ndi amenewo. Usaponde khofi wako."

"Bizuye."

"Ndinaona kalekale. Ndimasesa ndekha m'nyumba muno. Tsiku loyamba ndinati kapu yamupulumuka. Lachiwiri ndinati dzanja lake likunjenjemera ndi kutopa. Kenako ndinasiya kudzinamiza, koma ndinkathirabe. Ndinati mwina mawa amwa." Anaika jebena pansi bwinobwino. "Ndani anakuuza? Ansembe? Kapena unalota ine?"

"Palibe anandiuza za iwe. A nesi anandiuza za khofi."

Ndipo anafotokoza zonse, mosakometsera: za m'ngalande, za minibasi, za ululu ndi kusagona mmene zimakokerana, za m'mawa umene anadzutsidwa ndi kugogoda. Ananena nthawi yaitali, mawu akumugwa paliponse. Bizunesh anamvetsera manja ali pamawondo.

"Ukanandiuza."

"Ndinayesa. Ndikananena bwanji? Kuti cha m'manja mwako chimandidwalitsa?"

Bizunesh anamuyang'ana. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Zoona. Ndikanakuponyera mbaula." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nasiya dothi patsaya. "Ndakukhulupirira, Askuye. Iwe kunama sudziwa, n'chifukwa chake Tiruwork anakugwira. Ndiye ukugona tsopano?"

"Ndikugona."

"Mpaka m'mawa?"

"Nthawi zina mpaka m'mawa."

"Mulungu ayamikike." Ananena kuchokera pansi pa mtima, ndipo zimenezo zinamupweteka Askale kuposa kutukwanidwa.

"Ndipita ndikawauze," anatero Askale. "Ndikaima pampopi, ndikanene zimene a nesi ananena."

"Ukanene kuti chiyani? Kuti khofi wa kwa Bizunesh ankakulanda tulo, ndipo utasiya wachira? Ndi zomwe akunenazo. Ungowonjezera kuti ndi a nesi omwe avomereza." Anatenganso jebena ndi kansanza kake. "Zisiye. Anthu amene aja sanandikhulupirire chifukwa cha mawu. Anandikhulupirira chifukwa ankakuona iwe ukumeza. Tsopano aona kuti sukumeza. Palibe mawu amene angafike pamene kapu inkafika."

"Ndiye titani?"

"Palibe. Iwe gona. Ine izi ndinabadwa nazo, mayi anga anafa nazo, palibe chachilendo. Majebena ndikagulitsa kumsika wina kumene sakundidziwa. Madzulo uzibwera, ndizikuwiritsira madzi ndi katsamba, titseke chitseko. Msana uli ndi iwe, si ine. Ukafera mumsewu chifukwa cha kapu yanga ndiye adzati chiyani?"

Askale anabwerera kwake, nakhala pamphepete pa bedi masana onsewo. Kunena zoona, anafuna kuvomera. Analifuna bedi limenelo ngati mmene munthu wanjala amafunira chakudya, ndipo anakwiya, anakwiyira Tiruwork, anakwiyira oumba mbiya onse chifukwa chobadwa oumba, anakwiyira Bizunesh chifukwa chomumasula mosavuta chonchija. Akanamukalipira zikanakhala bwino. Munthu wakukalipira umatha kumusiya.

Dzuwa litapendeka anamva mtondo wa khofi ukulira kutsidya kwa bwalo, pang'onopang'ono, kusinja kwa munthu wosayembekeza alendo. Anafunda nsalu yake yoyera ya kutchalitchi, natuluka. Sanapite kwa Bizunesh. Anayamba kwa Tiruwork, nagogoda mwamphamvu mpaka telala kusiya makina.

"Bwerani mudzamwe khofi."

Tiruwork anasuzumira. "Kuti?"

"Kumene timamwa. Kapena pali kwina?"

"Ine m'mimba mwanga..."

"Bwera nayo mimbayo idzaonere. Ukhale pafupi ndi ine, maso ako ndikuwafuna."

Anagogoda kwa Ayelech, anagogodanso makomo awiri a amayi amene sanalowepo kwa Bizunesh chiyambire. Anthu angakane khofi, koma sakana zoonerera. Anabwera onse, nadzazana m'kanyumbako, ena ataima pakhomo. Bizunesh anawayang'ana, nayang'ana Askale, napukusa mutu pang'ono kuti usatero. Askale anachita ngati sanaone. Sanakhale pakona. Anakoka kampando n'kukhala pakati penipeni, popanda chotsamira, nsalu atakankhira kumbuyo kuti manja aoneke.

"Ndamva kuti ndimathirira nyumba ya eni ake," anatero. "N'zoona. A nesi anandipatsa mapiritsi osayenda ndi khofi, ine n'kuchita manyazi kukana kapu, uchitsiru wa ukalamba. Mapiritsiwo atha. Thira, Bizuye."

Linali bodza, ndipo analinena bwino kuposa mmene Bizunesh ankamuyesera. Bizunesh anakweza jebena. Kamtsinje kanatsika, n'kuduka kapu ili pakati.

"Dzaza," anatero Askale. "Sindine mwana."

"Askuye."

"Dzaza, ndati."

Bizunesh anathiranso, khofi wina n'kutayikira pathebulo, koma kapu inadzaza. Askale anailandira ndi manja awiri. Anamwa pang'onopang'ono, kukhosi kukuyenda poyera kuti wa pakhomo aone, napendeketsa kapu kuonetsa pansi pake. Anali khofi wabwino, abale, wabwino kuposa mmene ankakumbukira, ndipo thupi lake linamulandira ngati m'bale wobwera ku ulendo. Zimenezo zinamuopsa.

Palibe wina anatambasula dzanja pa kapu yoyamba. Bizunesh anawonjezera madzi, nabwezera jebena pamoto. Pa yachiwiri Ayelech anakhosomola, nati, "Ine ndilawe pang'ono, kuzizira kwa leroku," ngakhale kunali kotentha. Tiruwork anapinda manja.

"Tsiku limodzi aliyense angamwe," anatero, ngati akulankhula ndi denga.

"Mawa ndimwanso," anatero Askale. "Ndi mkucha. Uzibwera kudzawerenga. Ukadzaona ndakhuthula, ukanene pampopi."

"Nanga ukayambanso kufota?"

"Ndiye udzanyamule mtolo wanga tsiku limodzi, uone chimene chimadya anthu."

Wina pakhomo anaseka, wina namutsatira. Tiruwork anamuyang'ana nthawi yaitali, nayang'ana kapu zotsala. Pa yachitatu, ya madalitso, anatambasula dzanja, osayang'ana mwini nyumba kumaso. Amayi a pakhomo aja sanamwe, koma mmodzi anatapa mbuliwuli m'mbale asanachoke, ndipo mumpanda ngati umenewo chimenecho si chinthu chaching'ono.

Askale anadalitsa nyumbayo monga mwa mwambo, kuti isasowe khofi ndi mtendere, onse navomera. Maso ake anali atatseguka kale, mutu uli mbee, mtima ukuthamanga pang'ono. Ankazidziwa bwino zizindikiro zimenezo. Ankadziwanso kuti Tiruwork adzabweradi mawa, ndi mkucha, ndi mwezi wamawa, ndipo kuti maso amenewo sadzachokanso pa kapu yake. Pofuna kuimirira msana unagwira, chifukwa chokhala nthawi yonseyo osatsamira, ndipo anachita kugwira phewa la Ayelech.

Anthu atabalalika Bizunesh anamuperekeza mpaka pakhomo pake, ngakhale panali pongowoloka bwalo. Anaima pamenepo awiri, mdima ukuyamba. Askale anakankha chitseko, bedi n'kuonekera mkati, loyala bwino, nsalu ya mawondo ili pamwamba. Bizunesh anatsegula pakamwa kuti anene mawu a masiku onse, akuti ugone bwino. Anayang'ana mnzakeyo, natseka pakamwa, nabwerera kukatsuka makapu.